Zinthu Zosintha Mtundu Zikatenthedwa: Phunziro kwa Alangizi Osunga ndi Kunyamula Katemera

Mawu oyamba

Mlangizi aliyense amene adagwirapo ntchito yotemera ziweto akudziwa kuti kabotolo ka katemera wamphamvu sikasiyana maonekedwe ndi kabotolo ka katemera wakufa. Madzi ake ndi omwewo, chivindikiro ndi chomwecho, ndipo tsiku lothera mphamvu lolembedwa pa lebulo likhoza kukhala lidakali kutali. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlimi amapereka ndalama yake, nkhuku zake zimalandira dontho m'diso, koma chitopa chikafika chimasesa khola lonse. Ulendo wotsatira mlimi uja sabweretsanso nkhuku zake, ndipo amauza anzake kuti katemera ndiye amaitana matenda. Ntchito ya zaka zingapo imagwa chifukwa cha kabotolo kamodzi kamene kadatsala m'galimoto padzuwa.

Kawirikawiri chimene chimapha katemera ndi kutentha, ndipo kutenthako sikusiya chipsera. N'chifukwa chake akatswiri adafunafuna zinthu zimene zimasintha mtundu zikatenthedwa, kuti munthu aone ndi maso zimene katundu wake wakumana nazo. Masiku ano zinthu zotere zili ponseponse: pa lisiti la m'sitolo, pa kapu ya tiyi, m'cholembera, ndiponso pa katemera amene ana amalandira kusikelo.

Pakutha pa phunziroli mlangizi athe kuchita izi:

(a) kusiyanitsa zinthu zonena za kutentha kwa tsopano ndi zinthu zokumbukira kutentha kwakale;
(b) kuwerenga chizindikiro cha pa kabotolo ka katemera;
(c) kudziwa zimene chizindikirocho sichinena;
(d) kusamala katemera wa ziweto amene alibe chizindikiro.

Madigiri onse m'phunziroli ndi a pa sikelo ya Celsius.

1. Chifukwa chake tikuyambira ku Dar es Salaam

Doko la Dar es Salaam ndi limodzi mwa makomo amene katundu wa Malawi ndi Zambia amalowera. Kuchokera pamenepo katundu amayenda pa njanji ya TAZARA, mtunda wa makilomita 1,860 mpaka ku Kapiri Mposhi, kapena pa msewu wodzera ku Morogoro, Iringa ndi Mbeya mpaka kumalire a Tunduma kapena a Songwe. Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi kutentha kwa masana kumafika madigiri 31 kapena 32 pamthunzi. M'galimoto yotseka imene yaima padzuwa kutentha kumapitirira madigiri 50. Motero mbewu kapena mankhwala a ziweto amene mlangizi wa ku Karonga kapena ku Mpika amalandira amakhala atayenda kale masiku ambiri, ndipo palibe amene angamuuze bwinobwino kutentha kumene adakumana nako panjira. Anzathu a m'chigwa cha Shire, m'chigwa cha Luangwa ndi ku Tete ali ndi vuto loposa, pakuti kumeneko mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40.

Chifukwa chachiwiri ndi mbiri ya katemera wa chitopa, matenda amene ena amati chideru, ndipo pa Chiswahili amatchedwa mdondo kapena kideri. Katemera wa I-2, amene amapirira kutentha kuposa akatemera akale, adakonzedwa ku University of Queensland ku Australia motsogozedwa ndi Pulofesa Peter Spradbrow. Kuyambira 2002 mpaka 2005 maiko a Malawi, Mozambique ndi Tanzania adagwirira pamodzi ntchito yolimbana ndi chitopa cha nkhuku za m'midzi ndi thandizo la boma la Australia, ndipo msonkhano waukulu wounikira ntchitoyo udachitikira ku Dar es Salaam kuyambira pa 5 mpaka pa 7 Okutobala 2005. Ku Tanzania katemerayu adayamba kupangidwira ku labotale ya ziweto ya ku Temeke mumzinda womwewu. Pambuyo pake ntchitoyo idapita ku Tanzania Vaccine Institute ku Kibaha, ndipo amadziwika ndi dzina loti TEMEVAC. Ku Malawi ntchito yomweyo idakhazikitsidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo ku Mozambique ku Maputo.

Chifukwa chachitatu n'chakuti m'chaka cha 1995 Tanzania, pamodzi ndi Vietnam, idayesa koyamba chizindikiro chosintha mtundu pa katemera wa poliyo wa ana. Za chizindikirochi tikamba m'gawo 4.

2. Magulu awiri a zinthu zosintha mtundu

Tiyambe ndi chimene tonse tidaonapo pa chipala cha mmisiri wosula makasu ndi nkhwangwa. Chitsulo chikakhala pamoto chimafiira, kenaka chimanka chiyera ngati dzuwa. Akachichotsa pamoto kufiirako kumazimirira ndipo chitsulo chimabwerera mwakale. Mtundu umenewu umanena za kutentha kumene kulipo panthawiyo basi.

Koma mmisiri yemweyo akafuna kulimbitsa nkhwangwa amaiviika m'madzi idakali yofiira, n'kuipala mpaka iwale, n'kuitenthetsanso pang'onopang'ono akuyang'ana kukamwa kwake. Pa madigiri pafupifupi 230 chitsulo chimaoneka ngati udzu wouma, cha m'ma 280 chimaoneka chofiirira modera, ndipo cha m'ma 300 chimasanduka chabuluu. Mitundu imeneyi imachokera ku kakhungu kopyapyala kamene mpweya umapanga pamwamba pa chitsulo chotentha. Chitsulocho chikazizira mtundu umatsala pomwepo, ndipo amene watola nkhwangwayo mawa lake angathe kudziwa moto umene idapyolamo.

Magulu awiri ndi amenewa. Gulu loyamba limasintha n'kubwerera. Limanena za tsopano. Gulu lachiwiri limasintha osabwerera, limasunga mbiri. Musanakhulupirire mtundu uliwonse, yambani mwadzifunsa kuti chinthucho chili m'gulu liti. Wosunga katemera amafuna kwambiri gulu lachiwiri, chifukwa firiji imene magetsi ake adazima usiku wonse n'kuyakanso m'bandakucha imapezeka yozizira bwino m'mawa, pamene katemera wawonongeka kale.

3. Gulu loyamba: zosintha n'kubwerera

Timapepala toyezera kutentha. Tilipo timapepala takuda tapulasitiki tokhala ndi manambala, timene timamatidwa pa thanki ya nsomba, pakhoma la chipinda, kapena kuikidwa pamphumi pa mwana. M'kati mwake muli zinthu zotchedwa liquid crystal, zimene zimayenda ngati madzi koma tizidutswa take timandanda mwadongosolo ngati m'mwala wa mchere. Adazitulukira m'chaka cha 1888 ndi Friedrich Reinitzer, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito ku Prague. Tizidutswati timasanjikizana mopotana ngati sipuling'i ya pansi pa chishalo cha njinga. Kukamatentha sipuling'iyo imafupika, ndipo kuwala kumene imabweza kumasintha kuchoka pa kufiirira, kudzera pa kubiriwira, kufika pa buluu. Nambala imene yaoneka yobiriwira ndiyo muyezo wa kutentha panthawiyo.

Pa zaumoyo, kachizindikiro kotere kotchedwa ThermoSpot kamamatidwa pathupi la khanda. Kamakhala kobiriwira thupi likamatentha bwino, ndipo kamada mwana akazizidwa, motero mayi ngakhale sadziwa kuwerenga amadziwa nthawi yomufunditsa. Kadayesedwa ku Malawi ndipo zotsatira zake zidafalitsidwa m'chaka cha 2000.

Pa ulimi timapepalati tingathandize pakhoma la mosungira mbewu kapena pamalo olelera anapiye, amene amafuna madigiri 32 mpaka 35 pa sabata yoyamba. Komabe muyezo wake ndi wongoyerekeza, ndipo dzuwa ndi chinyezi zimatiwononga. Makina ofungatirira mazira, amene amafuna madigiri 37.5 mpaka 38, ndiponso kuyeza chiweto chodwala, zimafuna themomita yeniyeni.

Utoto wozimirira. Makapu amene amaonetsa chithunzi mukathiramo tiyi, ndi masupuni odyetsera ana amene amasintha mtundu phala likatentha kwambiri, amapangidwa ndi utoto wotchedwa leuco. Mu timatumba tosaoneka ndi maso amatsekeramo zinthu zitatu: utoto, mankhwala a asidi wofooka amene amautulutsa mtundu, ndi chinthu chonga phula. Kukazizira phula limakhala louma, utoto ndi asidi zimagwirana, mtundu umaoneka. Kukatentha phula limasungunuka, ziwirizo zimalekana, mtundu umazimirira. Wopanga amasankha phula losungunuka pa madigiri amene akufuna.

Pano pali chenjezo kwa inu osunga makaundula. Zolembera zofufutika, monga Frixion ya kampani ya Pilot ya ku Japan imene idatuluka m'chaka cha 2006, zili ndi inki yamtundu womwewu. Inkiyo imazimirira pa madigiri pafupifupi 60, ndipo imaonekanso pokhapokha pepala litaikidwa mozizira kwambiri mpaka kuundana madzi. Kaundula wa nkhuku zotemeredwa wolembedwa ndi cholembera chotere, akatsala pagalasi la galimoto masana, akhoza kupezeka wopanda chilembo. Lembani makaundula ndi pensulo kapena cholembera wamba.

4. Gulu lachiwiri: zosunga mbiri

Lisiti la makina. Malisiti amene mumalandira m'masitolo a ku Kariakoo, Limbe kapena Chipata, ndi a magetsi olipiriratu, salembedwa ndi inki. Pepalalo lidapakidwa utoto wa leuco ndi asidi wake zili zouma. Makina amatenthetsa timadontho tating'ono, ziwirizo zimasungunukira pamodzi, pamenepo pamada. Lisiti lonse limada likakhudza nsimbi yositira, ndipo likakhalitsa padzuwa zilembo zimafufutika. Lisiti la katundu wa ofesi lijambulidwe pa makina ojambulira mapepala lisanasungidwe.

Tepi ya m'labotale. Zipangizo zikamawiritsidwa mumphika wanthunzi pa madigiri 121, paphukusi amamatapo tepi imene mizere yake imada. Mizere yakuda imatsimikiza kuti phukusi lidalowa mu nthunzi yotentha. Sitsimikiza kuti lidakhalamo mphindi zokwanira kupha tizilombo tonse.

Chizindikiro cha malire. Ichi ndi kadontho kamene kamada nthawi imodzi kutentha kukangofika pa muyezo woikika. Chidagwiritsidwa ntchito ku Benin m'chaka cha 2012, pamene katemera wa matenda oumitsa khosi wotchedwa MenAfriVac adaloledwa kuyenda kunja kwa firiji masiku anayi malinga kutentha kusapitirire madigiri 40.

Chizindikiro cha pa kabotolo. Ichi ndicho chofunika koposa, ndipo azaumoyo amachitchula mwachidule kuti VVM. Ganizo lake lidayamba ku bungwe la WHO m'chaka cha 1979, ndipo bungwe la PATH la ku Seattle lidagwira ntchito zaka zambiri ndi kampani ya ku New Jersey, imene pambuyo pake idatchedwa Temptime, kufikira chidatheka. Atachiyesa ku Tanzania ndi ku Vietnam, kuyambira 1996 chidayamba kuikidwa pa katemera wa poliyo wodonthezera m'kamwa wogulidwa kudzera ku UNICEF. M'chaka cha 2007 mabungwe a WHO ndi UNICEF adapempha maiko onse kuti azigula katemera wa ana wokhala ndi chizindikirochi.

Kukula kwake kuli ngati batani laling'ono la malaya. Pali bwalo lodera, ndipo pakati pake pali kabokosi koyera ka mbali zinayi. M'kabokosimo muli mankhwala amene tizidutswa take timalumikizana pang'onopang'ono kukhala unyolo, ndipo unyolowo ukamatalika kabokosi kamanka kada. Pozizira ntchitoyi imayenda pang'ono kwambiri, potentha imathamanga. Bwalo lakunja silisintha, ndilo poyerekezera.

5. Kuwerenga kwake

Malamulo ndi awiri okha. Kabokosi kakakhala koyera kuposa bwalo, ndipo tsiku lothera mphamvu lisanakwane, katemera agwiritsidwe ntchito. Kabokosi kakafanana ndi bwalo, kapena kakada kuposa bwalo, katemera atayidwe, ngakhale tsiku lolembedwa lidakali kutali. Pakati pa timabotolo tabwino, yambani ndi kamene kabokosi kake kayamba kuda.

Popeza akatemera amapirira mosiyana, zizindikiro nazonso zilipo zingapo. Nambala yake imanena masiku amene kabokosi kamatenga kuti kafanane ndi bwalo pa madigiri 37:

VVM30: masiku 30 pa madigiri 37, masiku 193 pa madigiri 25.
VVM14: masiku 14 pa madigiri 37, masiku 90 pa madigiri 25.
VVM7: masiku 7 pa madigiri 37, masiku 45 pa madigiri 25.
VVM2: masiku 2 pa madigiri 37, masiku 225 pa madigiri 5.

Manambalawa akutiphunzitsa zinthu ziwiri zimene zimakhudzanso katemera wa ziweto, inokyulanti wa soya ndi zina zonse zamoyo zimene timanyamula. Choyamba, kukwera pang'ono kwa kutentha kumadya masiku ambiri: tsiku limodzi pa madigiri 37 limadya mofanana ndi masiku oposa 6 pa madigiri 25. Chachiwiri, kuwonongeka kumaunjikana. Tiyerekeze kuti kabotolo ka VVM7 kakhala masiku 2 pa madigiri 37 galimoto itafa panjira, kenaka masiku 15 pa madigiri 25 mu ofesi imene firiji yake yawonongeka. Masiku 2 mwa 7 ndi magawo 29 pa 100. Masiku 15 mwa 45 ndi magawo 33 pa 100. Pamodzi ndi magawo 62 pa 100. Kabotoloko n'kabwinobe, koma katsala ndi mphamvu yopirira yochepa, ndipo kukabwezera m'firiji sikubweza magawo amene apita.

Phindu lake lili mbali ziwiri. Chizindikiro chimaletsa kupereka katemera wakufa, komanso chimapulumutsa katemera wabwino, amene kale ankatayidwa chifukwa chongokayikira magetsi akazima.

6. Zimene chizindikiro sichinena

(a) Sichinena ngati katemera adaundana. Akatemera ena amadzi, makamaka osakaniza ndi mafuta, amawonongeka akaundana, koma kabokosi kamakhalabe koyera. Musagundanitse timabotolo ndi ayezi m'bokosi lonyamulira.

(b) Sichilowa m'malo mwa tsiku lothera mphamvu. Zonse ziwiri ziwerengedwe.

(c) Sichiyeza katemera weniweniyo. Chimayeza kutentha kumene kabotolo kapyolamo. Katemera akatsegulidwa kapena kusungunulidwa ndi madzi, tsatirani nthawi imene opanga adalemba.

(d) Chizindikiro chilichonse chidakonzedwera katemera wake. Kuchimatula pa kabotolo ka kuchipatala n'kuchimata pa katemera wa nkhuku n'kudzinamiza.

(e) Dzuwa lachindunji limachidetsa msanga. Chiwerengeni poyera koma pamthunzi.

7. Katemera wa ziweto wopanda chizindikiro

Katemera wambiri wa ziweto amene amafika m'midzi mwathu alibe chizindikiro chotere. Motero ntchito yokumbukira kutentha imagwera mlangizi ndi wotemera wa m'mudzi. Tiyeneranso kumvetsa bwino mawu oti I-2 amapirira kutentha. Akutanthauza kuti amafa mochedwa. Satanthauza kuti safa. Pamalo ozizira bwino apamthunzi amakhala kunja kwa firiji pafupifupi masabata awiri, koma kutentha kukadutsa madigiri 30 amatsala ndi masiku owerengeka. Lebulo la opanga ndilo lamulo.

Zoyenera kuchita ndi izi:

1. Firiji ikhale pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ikani m'katimo themomita yosunga muyezo wokwera ndi wotsika, muiwerenge m'mawa ndi madzulo, mulembe. Themomita wamba ili m'gulu loyamba. Siidzakuuzani za usiku.

2. Phukusi lililonse liziyenda ndi khadi lake, lolembedwa tsiku limene latuluka m'firiji, kumene lagona, ndi amene walilandira. Khadi limenelo ndilo kabokosi kanu.

3. Werengani nkhuku ndi kugwirizana tsiku ndi amfumu musanaitanitse katemera, kuti mutenge wokwanira ulendo umodzi. Ku Malawi ndi ku Mozambique kutemera kumachitika miyezi inayi iliyonse, kawirikawiri mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa mu Novembala ndiye amafuna chisamaliro choposa chifukwa cha kutentha.

4. Popanda bokosi lozizira, kulungani kabotolo m'nsalu yonyowa ndi kukanyamula mudengu lolowa mphepo. Madzi akamauma amachotsa kutentha. Thumba la malaya ndi jumbo yapulasitiki n'zosayenera.

5. Kumudzi sungani kabotolo m'nsalu yonyowa pansi pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa, m'nyumba yozizira bwino.

6. Temerani pamthunzi, m'mawa kapena madzulo, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse. Nkhuku zodwala zisatemeredwe, ndipo mudzi umene chitopa chabuka kale uyembekeze.

7. Pogula m'sitolo, onani ndi maso anu kuti katemera akutuluka m'firiji yogwira ntchito. Kuolotsa katemera pamalire kumafuna chilolezo cha ofesi ya zaziweto.

8. Inu amene mumalemba mapepala oitanitsira katundu, pemphani ogulitsa kuti m'bokosi lililonse aikemo chizindikiro chosunga mbiri ya kutentha, ndipo wolandira achione asanasaine.

8. Chionetsero pophunzitsa otemera

Tengani lisiti lakale la makina, nsimbi yotentha kapena galasi la nyali, ndi mbale ya madzi ozizira. Gunditsani mbali imodzi ya lisiti pa nsimbi kuti onse aone likuda. Kenaka liikeni pamwamba pa mbale yoziziraija, ndipo funsani ophunzira ngati kudako kwachoka. Akayankha kuti ayi, auzeni kuti katemera amachita chimodzimodzi, kungoti iye saonetsa. Muwachenjeze kuti lisiti limada pa kutentha kwakukulu kuposa kumene kumapha katemera, choncho silingakhale mlonda wa bokosi lawo. Ngati n'kotheka, pemphani wazaumoyo wa m'dera lanu abwere ndi timabotolo totha ntchito kuti otemera aone kabokosi koyera ndi kakuda.

Mafunso obwereza

1. Tchulani zinthu ziwiri za gulu loyamba ndi ziwiri za gulu lachiwiri zimene zimapezeka kudera kwanu.
2. Firiji yapezeka pa madigiri 6 m'mawa. Kodi izi zikutsimikiza kuti katemera wagona bwino? Fotokozani.
3. Kabotolo ka VVM14 kakhala masiku 7 pa madigiri 37 ndi masiku 30 pa madigiri 25. Kodi magawo angati pa 100 apita?
4. Kabokosi n'koyera koma tsiku lothera mphamvu lidapita sabata yatha. Mungachite chiyani?
5. Lembani njira imene katemera wa chitopa amayenda kuchoka kumene amapangidwa kufika kwa mlimi wa kudera kwanu. Ndi pati pamene amatenthedwa kwambiri, ndipo ndani angakonze pamenepo?

Mawu otsiriza

Anzathu alangizi, mlimi amene wapereka nkhuku yake m'manja mwanu sangathe kuyeza zimene zili m'kabotolo, amadalira inu. Pamene pali chizindikiro, chiwerengeni musanatsegule. Pamene palibe, khadi lanu ndi kaundula wa firiji zinene zoona, ndipo kabotolo kamene mbiri yake simukuidziwa musakapereke. Kutaya kabotolo kamodzi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kutaya nkhuku za mudzi wonse pamodzi ndi chikhulupiriro cha eni ake. Kambiranani funso lachisanu pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo zimene mwapeza muzipereke kwa mkulu wa zaziweto wa m'boma lanu katemera wa ulendo wotsatira asanaitanitsidwe.